Kuthawitsa Dona wa a Aloysius

Pulani yonse inabadwa Lamulungu masana, kuseri kwa nyumba ina ku Bertrams, pamakireti atatu ndi mabotolo asanu. Esime anali pampopi akuchapa matewera, khanda lake Upile lili kumsana. Amuna akayamba kumwa amayesa mkazi wochapa alibe makutu.

"Mafana, tamverani," anatero Omega, amene onse ankamutcha Jenerale chifukwa analonderapo pageti miyezi inayi asanamuchotse atamupeza akuliza mkonono. "Kuba mobisala ndi zakumudzi. Ku Joni dolo amaba dzuwa likuswa mtengo, atavala jekete yachikasu yonyezimira ngati wokonza misewu. Ukavala imeneyo palibe amakufunsa. Ngakhale wapolisi amakupatsa moni wa sawubona."

Chomwe ankachifunacho chinali kamakina kokumba maenje ka a Aloysius a ku Randburg, bwana wa Takondwa, mwamuna wa Esime. Anali atangokagula kumene: kofiirira, kochepa kuposa baki, galimoto yaing'ono ya katundu ija, koyenda pamalamba a labala, pulasitiki ikadali pampando. Anakatcha Dona. M'mawa uliwonse Takondwa ankakapaka girisi m'mfundo zonse za mkono wake, kuyeza oyilo, kugogoda matope m'malambamo, eni ake ataima pambali ndi kansalu, kupukuta paliponse pakhudza chala. "Mpaka akwanitse maola makumi asanu, Dona asatuluke thukuta," ankatero.

"Kiyi nayi," anatero Aufi, amene ankadzitcha Injiniya, akuigwedeza m'mwamba. "Timakina timeneti kiyi yake ndi imodzi tonse. Ine kumigodi ndinayendetsa zazikulu ngati tchalitchi. Aka ndi kachidole, aise."

Esime ankadziwa, poti mlamu wa Aufi anamuuza, kuti kumigodiko mkuluyu ankangotsuka matayala ndi paipi.

"Iwe Mbusa, yako ndi yophweka," Jenerale analoza Takondwa, amene ankaimba kwaya ndipo anali ndi Fanta m'manja. "Loweruka bwana wako ali ku ukwati. Iwe utsegule geti basi. Baki ya thelela idzatidikira kugalaja kumunsi kuja, kutali ndi makamera. Kilomita imodzi. Mphindi ziwiri, tasowa!"

"Nanga akatigwira?"

"Eish, Mbusa! Ukufuna ufe ukupaka girisi dona wa mwini?"

Esime anafinya thewera mpaka zala kuwawa. Mapepala a Takondwa okhalira m'dzikomo anali atatha chaka chatha. Akangogwidwa, ndi ndende, kenako basi yobwerera ku Malawi, iye n'kutsala yekha ndi khanda m'chipinda chino.

Pakudya anafunsa. "Bambo a Upile, Loweruka muli kuti?"

"Kuntchito," anayankha Takondwa, maso ali m'mbale.

Loweruka Esime anabereka mwana, nakwera mateksi awiri. Yachiwiriyo inachedwa kudzaza, ndipo njira yonse ankaona unyolo m'manja mwa mwamuna wake. Anatsika ku Randburg akudziwa kuti wachedwa, anyamata aja asowa kalekale.

Anawapeza. Anali atayenda nyumba zinayi kuchokera pageti.

Dona ankabwera pakati pa msewu, pang'onopang'ono ngati mkwatibwi akulowa m'tchalitchi. Jenerale anali kutsogolo akukupiza kambendera, Takondwa kumbuyo, majekete awo akuwala mochititsa manyazi.

"Kankha, Injiniya!"

"Ndakankha mpaka kumapeto, abigi! Liwiro lake ndi lomweli!"

Mdala wina wa ndodo anawapitirira, nawapatsa moni. Esime anafika pambali pa mwamuna wake, ndipo anachita kuchepetsa mayendedwe kuti asamusiye m'mbuyo.

"Bambo a Upile, vulani chimenecho."

"Mayi a Upile! Mwabwera bwanji kuno? Pitani, tikuthawa!"

"Mukuthawa? Upile atayamba kukwawa akupezani."

Asanayankhe, pakona panamveka nthungululu. "Nabo! Bafikile!" anthu anakuwa m'Chizulu, kuuzana kuti afika.

Chomwe Jenerale sanachifufuze n'chakuti msewu wakumunsiwo unali utatha masiku asanu ndi limodzi wopanda madzi. Paipi inkatayikira pansi pa kapinga pakona pomwepo, ndipo anthu anali atatopa n'kuimba mafoni. Tsopano naa anthu a majekete onyezimira, ndi makina okumba atsopano! Mageti anatseguka. Mayi Thelma, wapampando wa komiti ya mumsewumo, anaima patsogolo pa Dona manja ali m'chiuno.

"Mama, ife tikupita kujobu ina," Jenerale anayesa m'Chizulu chake chopunduka.

"Jobu ina iti? Masiku sikisi tikusamba m'kapu! Muno simutuluka madzi asanatuluke." Anakodola, ndipo magalimoto awiri anatseka msewu, ina kutsogolo, ina kumbuyo.

M'chipwirikitimo Esime anakokera Takondwa kuseri kwa mpanda wa maluwa. Anamuvula jekete, naikankhira m'bini ya eni ake. Kenako anamasula chitenje, naika Upile kumsana kwa bambo ake, namanga mfundo yolimba pachifuwa.

"Anthu andiseka!"

"Akusekeni kunja kuno, osati kundende." Esime anatulutsa foni m'thumba la mwamunayo, napeza nambala ya a Aloysius, naiika pakhutu pake. "Nenani kuti Dona wabedwa. Nenani msewu wake. Mukawonjezera mawu ena ndikutsinani."

Takondwa ananena. Kufoniko kunamveka mpando ukugwa.

Pakona paja ntchito inali itayamba. Injiniya anakoka ndodo yoyamba, mkono unazungulira n'kugwetsa bokosi la makalata. Anakoka ina, chifosholo cha mano chinaluma kapinga. Anthu anaomba m'manja. Kachiwiri, m'manja. Injiniya anayamba kumwetulira. Moyo wake wonse anali asanaomberedwepo m'manja.

Apa mbava yanzeru ikanati ikukakodza, n'kusowa. Koma mayi wina anali atabweretsa masikono ndi nkhuku yokazinga. Jenerale anakhala pampando womwe anamupatsa, ntchafu ya nkhuku m'dzanja, nayamba kufotokozera anthu za mavuto omwe iwo akatswiri amakumana nawo.

"Ife timagwira ndi Loweruka lomwe, mama. Ndi kudzipereka. Injiniya, zamitsa pang'ono, anthuwa avutika!"

Injiniya anazamitsa.

Kunamveka phuu! Madzi anakwera kupitirira madenga. Ana anakuwa mosangalala, amayi anathamangira zidebe, mapoto, ngakhale bafa la mwana. Dothi la m'mphepete mwa dzenje linafewa ngati phala, ndipo Dona anawerama mwaulemu, n'kulowa chamutu m'dzenje lomwe anakumba yekha. Chitseko chinapanikizika ndi khoma la dzenjelo.

"Abigi! Nditulutseni!"

Jenerale anaona kuti nthawi yothawa yakwana. Anadzambatuka, naponda pamatope, nsapato zinatsogola, mwini wake anatsatira. Anatera m'dzenjemo chagada, madzi mpaka m'khosi, ntchafu ya nkhuku ikadali m'mwamba, youma.

Umu ndi momwe a Aloysius anawapezera, atavala suti ya ukwati, duwa lili pachifuwa, apolisi awiri ali pambuyo. Sanayang'ane mbava. Anagwada m'matope, nagwira lamba wa Dona yemwe anali m'mwamba, akuzungulirabe.

"Maola makumi awiri ndi atatu okha," anatero ndi mawu osweka. "Zimitsa injini, satana iwe! Zimitsa!"

"Amazimitsira pati, bwana?" anafunsa Injiniya.

Powakweza m'veni, Jenerale anaona Takondwa m'gulu la anthu. "Uyo! Uyonso ndi mnzathu! Ndi amene anatsegula geti!"

Wapolisi anatembenuka. Anaona mnyamata woonda atabereka khanda pachitenje cha maluwa, akuligwedeza, malovu a mwanayo akutsikira m'kolala.

"Lo? Uyu?" Mayi Thelma anaseka mpaka kugwira bondo. "Bambo uyu waima pano chiyambire, akulera mwana. Bwenzi amuna onse ali chonchi! Tengani zigawenga zanuzo, mutiitanire okonza enieni."

Chitseko cha veni chinatsekedwa. Koma a Aloysius anali ataimirira tsopano, akuyang'ana Takondwa. Anamuyang'ana nthawi yaitali: nkhope, chitenje, kenako Esime, amene milomo yake inkagwedera ndi pemphero. Loko wa pageti sanathyoledwe, ndipo iwo ankadziwa.

"Foni ija anaimba ndani?" anafunsa motsitsa mawu.

"Ndine, bwana."

"Sindikufunsa amene analankhula."

Takondwa anayang'ana pansi. Anayankha ndi Esime. "Ndine, bambo."

A Aloysius anagwedeza mutu, nachotsa duwa pachifuwa, naliponya m'dzenje. Kenako anatembenukira kwa Takondwa.

"Lolemba ubwere sikisi koloko ndi mswachi wa mano. Matope onsewa uwachotsa mfundo ndi mfundo. Makiyi a geti azisunga mayi awa."

Pobwerera kokwerera teksi Takondwa anayamba kumasula chitenje chija.

"Musiyeni pomwepo," anatero Esime. "Mpaka ku Bertrams."