Landirova Imene Mwaiika pa Kapinga, Bwana Manejala

Kwa Bwana Manejala Wamkulu,
Esiteti ya Tiyi ya Mwalawoyera,
Thyolo.
3 Febuluwale 2003

Wolemekezeka Bwana,

Ndine Zakeyu Nakhumwa wa ku Nchilamwela, amene ndinagwira ntchito m'galaja ya kampani yanu zaka makumi atatu ndi chimodzi. Simundidziwa bwino, poti munabwera ine nditapuma kale. Sukulu ndinalekezera Sitandade 4, choncho polakwika mundikhululukire. Ndalemba kudzera m'nyuzipepala chifukwa makalata anga atatu anathera pa geti.

Nkhani ndi ya Landirova ya 1962 imene mwaiika pa kapinga kutsogolo kwa ofesi yanu, ndi chikwangwani chakuti ikugulitsidwa. Ndabwera ndi mathokozo.

Choyamba, zikomo pondikumbutsa kuti galimotoyo ndi yanu. Ine ndinali nditaiwala. Pamene ndinkapuma ntchito mu 1996, bwana amene analipo inu musanabwere anandilozera chiphakasa cha Landirova imeneyi kuseri kwa fakitale, chopanda matayala, mtengo wa gwafa utamera pakati pake, nanena kuti nditenge ikhale mphatso yanga yotsanzikira. Pepala sanalembe. Masiku amenewo munthu wamkulu akalankhula pamaso pa akapitawo asanu, tinkayesa kuti nkhani yatha. Thirakitala ya kampani yomweyo ndiyo inachikokera kwathu. Zaka zinayi ndinakhala chagada pansi pake, dzimbiri likugwera m'maso. Nthawi yonseyo bulubuku, pepala laumwini lija, linali phee m'kabati mwanu, osakumbuka kuti lili ndi galimoto. Linadzidzimuka mu Disembala, tsiku limene ndinakupezani mutatitimira m'matope pafupi ndi Masambanjati ndi galimoto yanu yatsopano, ine n'kukukokani. Munandithokoza kwambiri tsiku limenelo. Munaizungulira galimoto yanga kawiri, mpaka kusuzumira pansi.

Chachiwiri, zikomo posankha bwino tsiku. Alonda anu anabwera kudzaitenga pa Sabata m'mawa, podziwa kuti ife tili ku tchalitchi. Akanabwera Lamlungu akanandipeza sipanala ili m'manja, ndipo sindikudziwa chimene chikanachitika. Mwandisungira chikhristu changa. Pakhomo anapeza mkazi wanga Salome yekha, amene miyendo yake inafa ndi sitiroko zaka ziwiri zapitazo. Akuti anamupatsa moni mwaulemu ndithu. Akupepesa kuti sanathe kuimirira kuti awaperekeze.

Chachitatu, chilengezo chanu cha m'nyuzipepala. Mwana wanga Maureen ndiye anandimasulira Chingerezi chake. Mwalemba kuti galimotoyo inakonzedwa ndi katswiri. Pa khadi langa la ntchito panalembedwa kuti wothandizira makaniko kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza. Ndathokoza pondikweza udindo ndili ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi zitatu.

Koma pamene mwalemba kuti zitsulo zake zonse ndi zochokera ku Mangalande, ine monga dikoni wa mpingo sindingakhale chete, kuopa kuti wogulayo angadzakutcheni wabodza. Pansi popondapo ndi malata a khitchini ya Salome. Kuyambira 1998 timaphikira pansi pa udzu. Thanki ya mafuta inachokera pa chigayo chakale cha a Osman. Masipuling'i a kumbuyo ndi a ngolo. Redieta anaiwotcherera a Asumani pa Masambanjati, osalandira kanthu, chifukwa galimotoyo inanyamulapo maliro a mayi awo. Chogwirira giya ndi mtengo wa gwafa uja, ndinausema ndekha. Wogulayo akafuna kudziwa zambiri, mumutumize kwathu. Adzafunika kubwera wapansi, chifukwa nyengo ino kulibe galimoto ina imene imatsika kumeneko.

Chachinayi, penti. Imeneyo ndi yanu, ndikuvomera. Yawala.

Ndamvanso kuti mwachotsa matiresi amene anali kumbuyo, poti amanunkha mankhwala. Mwachita bwino. Pamenepo ndi pamene Salome amagona mwezi uliwonse popita ku chipatala cha mishoni kukayezetsa magazi ndi kulandira mankhwala. Pamatiresi omwewo panabadwira ana awiri a azimayi othyola tiyi wanu, tisanafike ku chipatala. Zoterezi sizoyenera kuti bwana wa ku Joni amene akufuna kugulayo azimve. Akuti iyeyo ali ndi magalimoto akale asanu ndi awiri, ndipo amawasunga m'nyumba, mvula osawakhudza. Ndasangalala kumva kuti kuli dziko limene chinthu chikakalamba pa ntchito amachimangira nyumba.

Tsopano pempho langa, Bwana. Poyamba ndinafuna kupempha kuti mundibwezere galimotoyo, koma kalaliki wanu anandifotokozera mofatsa kuti kampani siingataye katundu wake popanda pepala, ndipo mwa akapitawo asanu aja, atatu anamwalira, awiri akadali pa ntchito. Kenaka ndinaganiza zopempha tsiku limodzi kuti ndidzamasule zanga, inu mutsale ndi zanu. Zimenezonso ndazisiya. Manja amene anaidzutsa sangathe kuiphanso.

Chatsala ndi chaching'ono. Lachinayi pa 13 mwezi uno ndi tsiku la Salome ku chipatala, ndipo adokotala anati asadzaphonye. Abale anayi a mu mpingo avomera kudzamunyamula pa machira. Nsungwi tadula kale. Njira yozungulira esiteti ndi ya maola asanu, pamene yachidule imadutsa pa geti lanu ndi kutsogolo kwa ofesi yanu. Chonde muuze alonda atitsegulire cha m'ma 9 koloko m'mawa. Ndipo ngati sikukuvutitsani, galimotoyo muisunthireko pambali pang'ono, kuopa kuti nsungwi zathu zingakande penti.

Ine wantchito wanu wakale, wa khadi nambala 214,

Zakeyu Nakhumwa
Nchilamwela, Thyolo