Mmene Ndinagonekera Azakhali pa Intaneti

Mpaka lero azakhali anga akandiona ndagwira foni amadziphimba nkhope ndi chitenje. Sindiwadandaula. Koma dziwani kuti zonse zinayamba ndi mtima wabwino.

Azakhali amagulitsa chiponde cha mtedza wa ku Chipangali, ndipo ine ndimakhala kwawo kuno ku Chipata chifukwa cha sukulu. Titaphunzira kupanga webusayiti ku kalabu ya makompyuta, ndinawapangira yawo (ndinkayenda ngati injiniya, yunifolomu ili m'thupi). Poyeserera kuika zithunzi ndinapanga katsamba kapadera. Ndinaikapo azakhali atagona pa matumba a mtedza, kukamwa yasa, n'kulemba pansi pake kuti, "Mwini chiponde cha ku Chipangali ali kalikiliki pa ntchito." Katsambako sindinakalumikize ndi masamba ena. Akanakapeza ndani?

Vuto linali lakuti munthu akafufuza, webusayitiyo sinkaoneka. Aphunzitsi anati, "Makina ofufuzira ali ngati mlendo m'tauni. Apatse saitimapu, mapu a masamba ako onse, ayende khomo ndi khomo." Ndinadina batani, mapu anadzipanga okha, ndinatumiza. Kuona kaye zimene zalowa m'mapumo? Injiniya alibe nthawi imeneyo.

Lamlungu lina titatuluka m'tchalitchi, azakhali anasonkhanitsa amayi anzawo. Panalinso Amayi Tembo, amene amagulitsanso chiponde ndipo amapatsana ndi azakhali moni wa mano okha.

"Mwana wanga wandiika pa intaneti," anatero azakhali. "Lembani 'chiponde cha ku Chipangali' muone nokha."

Amayi Tembo analemba. Anayang'ana foni, anayang'ana azakhali, kenako anakulitsa chithunzi ndi zala ziwiri.

"Koma ndinu olimbikira, amake Chisomo! Mpaka ntchentche ikukuthandizani ntchito pamlomo apa."

Foniyo inazungulira gulu lonse. Ngakhale akatekisiti anatulutsa magalasi.

Kunyumba azakhali sanakalipe. Anangoti, "Longedza. Ukamalizire uinjiniya kwa amako ku Kasenengwa." Sukulu yanga yonse inali kuthera pa ntchentche imodzi! Ndinagwada, ndinalira, ndinafufuta katsambako iwo akuona. Titafufuzanso, azakhali anali akadali m'tulo (makinawo amapeza msanga koma amachedwa kuiwala).

Anandisiya ndikhale, koma anati wosinja mtedza ndine mpaka chithunzicho chitazimiririka. Pa intaneti chinachoka ndithu. Koma Amayi Tembo anachisunga, ndipo mu foni yawo mulibe batani langa lofufutira.

Ndikusinjabe.