Fayini wa Aphunzitsi Weng

Aphunzitsi Weng a ku Tangyu anaphunzitsa Chingerezi mpaka mano onse kutha m'kamwa, koma mawu amene ankaphunzitsa anali amodzi basi. Musati ndikuthira mchere. Funsani mwana aliyense wa mudzi wathu uno wa ku Fujian, ku China, amene akukazinga nkhuku ku New York kapena kutsuka mbale ku London. Adzakuuzani kuti anakwera ndege ali ndi chikwama chimodzi, mazira awiri a bakha m'mimba, ndi mawu amodzi a Chingerezi pakamwa: fine. Ife timangoti fayini.

Sukulu yawo inali benchi la kuseri kwa kanyumba kodyera ka Mayi Zhuo, mayi wamasiye wodziwa kuphika msuzi wa timipira ta nsomba, amenenso pakamwa pake sipapita loko. Mayi Zhuo sanalembetsepo dzina pasukuluyo, koma poti mphika wawo unali pafupi ndi benchilo, anamva phunziro lililonse mpaka kuliloweza, ngakhale mbiri ya mmene zinayambira.

Akuti ali mnyamata, a Weng anapita ku America kukagwira ntchito m'khitchini. Tsiku lina mzungu wobweretsa nyama anawafunsa kuti ali bwanji. Iwo mtima unakhala m'malo: munthu woyamba m'dziko lonselo kuwafunsa za moyo! Anaika mpeni pansi, nayamba kufotokoza ndi manja ndi miyendo za msana wowawa, nsikidzi za m'chipinda chawo ndi chifuwa cha amayi awo kumudzi. Pofika pa chifuwacho, mzungu uja anali ataliza kale galimoto.

"Kuno munthu akakufunsa kuti wadya, ukati ayi, amakupakulira," ankatero a Weng, chala chili m'mwamba. "Kunja akakufunsa kuti uli bwanji, safuna kumva. Iwe ungoti fayini, umwetulire, udutse. Mwana wa ku Tangyu asadzachitenso manyazi ngati amene ndinachita ine!"

Ndiye ankaphunzitsa fayini wamitundumitundu. Panali fayini wa thupi, wonena mano ali mbee. Panali fayini wa nyengo, wonena ukuyang'ana kumwamba. Panali fayini wovomera bwana akakuwonjezera ntchito, mutu uli pansi pang'ono. Kenako panali fayini wa munthu wokwiya amene safuna mkangano, wonena mwachidule, n'kutembenuka. Ameneyu amayi a m'mudzimo anamugwira msanga kuposa ophunzira eniake, ndipo kwa chaka chathunthu amuna a ku Tangyu anakhala mwamantha.

Msodzi wina wotchedwa Pan, amene anali atagulitsa bwato lake kuti apite kunja, anatopa nazo.

"Aphunzitsi, ndakhala pabenchi pano mpaka matako kufa. Tandiuzeniko mmene ndingafunsire chimbudzi."

"Chimbudzi amachiona ndi maso."

"Nanga apolisi akandigwira?"

"Fayini."

"Akanditsekera?"

"Fayini wachitatu uja. Mutu pansi. Bwereza!"

Iwo eni ankachita zimene ankaphunzitsa. Mphepo yamkuntho itasasula denga la nyumba yawo, tinawapeza atakhala pabedi, ambulera ili kumanja, kapu ya tiyi kumanzere, akuyang'ana mitambo. "Fayini," anatero, ndipo palibe anadziwa ngati ankanena za thupi kapena za nyengo. Tsiku lina njinga inawagwetsera m'dziwe la abakha a Mayi Zhuo, miyendo yokha ikuoneka. Mayiwo atawakoka, a Weng asanalavule n'komwe matope, anamwetulira.

"Musayerekeze kunena!" anakalipa Mayi Zhuo. "Mukangonena, ndikubwezeranimo."

Wophunzira akamaliza, mwambo unali umodzi. M'mawa wa tsiku la ulendo Mayi Zhuo ankamupakulira mbale ya mian, tizingwe ta ufa wa tirigu tatitali ngati ulusi tija, ataikamo mazira awiri a bakha kuti ayende mwamtendere ndi kudzabwerera mwamtendere. A Weng ankaima pambali n'kumufunsa m'Chingerezi komaliza kuti ali bwanji. Mwanayo, misozi ikugwera mumsuzi, ankayankha kuti fayini, ndipo aphunzitsi ankamusisita paphewa n'kuti, "Wakhoza." Anadya mbale imeneyo Pan, anadya ana a anthu ambirimbiri. Anadya Liqin, mwana mmodzi yekhayo wa a Weng. Anadyanso Jianhui, mwana mmodzi yekhayo wa Mayi Zhuo.

Anawo sanaiwale kwawo, ayi. Anamanga nyumba zosanja zotalika kuposa kachisi, zamagalasi abuluu ndi zitseko zachitsulo. Kungoti m'nyumba iliyonse munkakhala nkhalamba imodzi, ikugona m'chipinda chapansi chifukwa masitepe amapweteka mawondo. Sukulu ya a Weng inafa yokha, poti panalibenso woti apite. Koma benchi sanalisiye. M'mawa uliwonse ankabwera atapesa tsitsi lawo lochepalo, n'kukhala moyang'ana malo opanda munthu, akudya timipira ta nsomba ndi nkhama.

Jianhui ankaimba foni Lolemba m'mawa, kumeneko ntchito itatha. Nkhope yake pafoniyo inkaoneka yofoka chaka ndi chaka, maso ofiira ndi utsi wa mafuta.

"Uli bwanji kumeneko, mwanawe?"

"Fayini, Amayi. Inu?"

"Fayini," ankayankha Mayi Zhuo, mano ali mbee monga anamvera pabenchi paja, miyendo yawo yotupayo itabisika pansi pa tebulo. Foni ikaduka, ankamva ngati adya mpunga wopanda ndiwo. Tsiku lina anawatembenukira aphunzitsi.

"Fayini wa mwana wangayu ndi uti? Wa thupi, wa bwana, kapena wokwiya uja?"

"Ndi fayini wa mwana wophunzitsidwa bwino, Achemwali."

"Mwandiwonongera mwana inu. Kale akamva mutu ankalira mudzi wonse n'kudzuka."

"Nanga inu mwamuyankha chiyani?"

Mayi Zhuo anangotembenuka n'kukavundula msuzi wosafunika kuvundula.

Chaka chimenecho kutayamba kuzizira, a Weng anayamba kusiya timipira m'mbale. Jekete lawo linawakulira ngati lobwereka. Kuchipatala cha m'tauni anapita okha, pobwera n'kumangoti dokotala ndi mwana wa dzana, sadziwa kanthu. Koma Mayi Zhuo ankaona mmene ankagwirira khoma poimirira.

Tsiku loimba foni Liqin, mwana wawo uja amene anali ndi nyumba yake yodyera ku America, a Weng ankakonzeka ngati akupita ku ukwati. Ankadzitsina masaya kuti afiire, n'kuika nyuzipepala zopindidwa m'mapewa a jekete, n'kupempha Mayi Zhuo kuti awadzazire mbale pamaso pawo ndi kuvundukula mphika kuti nthunzi ibise khosi lowondalo.

"Ababa, muli bwanji?"

"Fayini! Taona mmene ndikudyera! Achemwaliwa akudandaula kuti ndiwamalizira nsomba."

Liqin ankaseka, bambo ake nawo n'kuseka mpaka foni kuduka. Kenako a Weng ankagona pabenchi lija, thukuta lili kamukamu, osathanso kukweza supuni.

"Ndimuuza ine mwana ameneyu," anatero Mayi Zhuo tsiku lina, akuwachotsa nyuzipepala m'mapewa.

"Muyerekeze."

"Ndi bambo ake inu! Si mzungu wa nyama uyu, ndi mwana wanu. Akafunsa, akufuna kumva."

"Akamva atseka ntchito yake, asiya ana, awuluka mtunda wonsewo kudzaona chiyani? Mafupawa? Ndinamutumiza ndekha kumeneko. Musamuuze, Achemwali. Ndapota nanu."

Aka kanali koyamba kuti a Weng apemphe chinthu popanda chala m'mwamba, ndipo Mayi Zhuo, ndi pakamwa pawo ponse paja, anasunga chinsinsicho. Nambala ya Liqin anali nayo. Kangapo konse anaitenga foni n'kuibwezanso m'thumba la epuloni.

A Weng anatisiya m'mawa wina wadzuwa, ali pabenchi lawo, tsitsi atapesa. Mayi Zhuo powaikira mbale anafunsa monga mwa nthawi zonse, "Lero tili bwanji, Aphunzitsi?" Anadikira mawu aja. Anapukuta tebulo akudikirabe. Sanabwere.

Liqin anafika bokosi litatsekedwa kale. Atabwera ku kanyumba kodyera, Mayi Zhuo anamupakulira mian ndi mazira awiri a bakha, poti wobwerera kwawo amadyanso yomweyo. Mwanayo sanakhudze. Ankangoyang'ana mphika, nthunzi ndi khoma zimene ankaziona pafoni sabata iliyonse.

"Azakhali, munkaona zonse inu. Bwanji simunandiuze?"

"Anandiletsa, mwanangu."

"Ndikanabwera. Ntchito ndi chiyani? Ndikanabwera n'kuwasambitsa ndekha. Ine ndinkafunsa, Azakhali. Sabata iliyonse ndinkafunsa!"

Mayi Zhuo anachotsa mbale ija itazizira, mazira ali momwemo.

Kuyambira pamenepo Tangyu wangoti zii. Kale ukamadutsa kumsika unkamva mawu osasa aja akukuwa kuti "Bwereza!", ngakhale pamene wobwereza anali bakha. Tsopano nkhalamba zimatuluka m'nyumba zawo zazikuluzo, n'kukhala padzuwa aliyense pakhomo pake, n'kubwereranso. Benchi lilipobe. Palibe amakhalapo, ndipo Mayi Zhuo amalipukuta tsiku ndi tsiku akulinyoza chapansipansi.

Lolemba litafika, foni inalira. Mayi Zhuo anakonza tsitsi, nabisa miyendo pansi pa tebulo. Nkhope ya Jianhui inaoneka, yofoka ija.

"Amayi, ndamva za Aphunzitsi. Inu muli bwanji?"

Mano anali atayamba kale kuonekera okha, mawu aja ali pa lilime. Mayi Zhuo anayang'ana benchi lopanda munthulo. Kenako anakankha tebulo, natembenuza foni kuiloza pansi.

"Taona miyendo iyi. Yatupa kuyambira chaka chatha, nsapato sizilowa. Nyumba unandimangira ija yandikulira, zipinda zam'mwamba sindinaziponde. Ndimadya ndekha, Jianhui. Munthu amene ndinkakangana naye wapita. Ndakusowa, ndipo ndikuopa kufa ndikumwetulira pafoni."

Kumeneko kunati zii, moti anaganiza kuti foni yaduka, kapena kuti mwana nayenso waliza galimoto ngati mzungu wa nyama uja. Atabweza foniyo kumaso, anaona mwana wawo, bambo wamkulu wa imvi m'masaya, atagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka.

"Amayi," anatero Jianhui, "inenso dzanja ili silikupindika. Patha zaka. Ndimangoopa kukuuzani."

"Chitsiru iwe! Tandionetsa."

Analankhulana mpaka msuzi kuphwera pamoto. Analira, anatukwanana, anasekanso. Mwanayo anati abwera pa chikondwerero cha chaka chatsopano, ndipo kwa nthawi yoyamba amayi ake sananene kuti asadzivutitse.

Chikondwererocho chikadali patali, ndipo dzira silingadikire nthawi yonseyo. Komabe m'mawa uliwonse Mayi Zhuo amapita kukhola la abakha, n'kusankha mazira awiri aakulu, n'kuwaika padera. Akamadutsa pabenchi lija amaima pang'ono.

"Ndalephera mayeso anu, Aphunzitsi," amatero. "Zikanakhala bwino mukadalephera nanunso."