Mchewere wa Bambo a Eneti

Lolemba

Tangobwera kumene kuchokera kuchipatala. Amuna anga, bambo a Eneti, ali ndi shuga. Nchifukwa chake kuonda konseku ndi ludzu losatha lija. Anesi akuti nsima yoyera achepetse, azidya ya mgaiwa kapena ya mchewere, poti imakhalitsa m'mimba ndipo shuga sakwera mothamanga. Akapanda kusamala, matendawa amagwira maso ndi miyendo. Achimwene awo tinawaika m'manda ali ndi mwendo umodzi. Ndili ndi mantha, sindibisa.

Panjira andilumbiritsa. "Asamve munthu. Akamva a Zuze andichotsa m'bwato." A Zuze ndiwo eni bwato, ndipo munthu wodwala sapita naye kudambo.

Mchewere ulipo ndowa imodzi, anandipatsa akulu anga a kwa Lundu atakolola. Dongosolo langa:
- m'mawa phala la mchewere
- masana nsima ya mchewere, mitanda iwiri basi
- tiyi wopanda shuga
- pakamwa panga loko

Zitheka izi!

Lachiwiri

Kupeta, kutsuka, kuyanika, kuchigayo. Ndagayitsa theka. Thupi lonse likuyabwa.

Nsima yatuluka yotuwa ngati phulusa. Akuiyang'ana, nayonso ikuwayang'ana. Awa ndi anthu amene zaka zonsezi akhala akudzitama padoko kuti bola mu Shire muli nsomba, m'nyumba mwawo nsima yakuda silowa. Adya mtanda ndi theka, ndiwo nsomba za makakana zowamba. "Sikuipa ayi," akutero, nkhope ngati akumeza mankhwala a malungo.

Ndalakwa chimodzi. Tadyera pakhonde chifukwa cha kutentha. Mayi a Jonasi, oyandikana nawo nyumba, adutsa kawiri, maso ali m'mbale.

Lachitatu

Ndikutsegula chitseko, beseni la ufa woyera lili pakhomo, lovindikira ndi nsalu. Nsaluyo ndikuidziwa.

"Musachite manyazi asisi, chaka chino chavuta aliyense." Mayi a Jonasi amenewo, akunong'ona mwachifundo.

Ndiye kuti mudzi wawerengetsera kale. Mwamuna waonda, nsima yada, basi pakhomo pano pagwa njala! Ndikane bwanji? Ufa wopatsidwa mwachifundo subwezedwa. Ndathokoza, ndaubisa kunsi kwa bedi.

Bambo aupeza asanayanike nkomwe ukonde. "Mphatso ya munthu kuisiya idyedwe ndi anankafumbwe ndi tchimo, mayi a Eneti." Lero akudziwa za tchimo!

Tagwirizana zosakaniza, theka mchewere theka woyera. Kwa lero lokha.

Lachinayi

Amayi akumpingo afika onse, mu yunifolomu, akuimba kuchokera kumsewu. Zomwe atula pamkeka:
- ufa woyera (winanso!)
- shuga mapaketi awiri
- nzimbe mtolo
- mandasi, akadali ofunda

Akupemphera kuti Mulungu atitsegulire nkhokwe zakumwamba. Ine chamumtima ndikupempha kuti atsekeko pang'ono. Koma misozi yandituluka yeniyeni. Ena mwa amayiwa kwawo akudya kamodzi patsiku, ndikudziwa.

Kudoko nakonso zafika. A Zuze akuti: "Nkhabe, zosatheka! Munthu wanga sangafe ndi njala ine ndilipo." Awamwetsa bambo tiyi wa masupuni anayi a shuga ndi mabanzi awiri.

"Ndikanakana akanafunsa chifukwa," akutero bambo. Chowawa nchakuti akunena zoona.

Lachisanu

Apongozi atsika pakabaza kuchokera kwa Kasisi, thumba la chimanga kumbuyo. Nkhani pofika kumeneko inali itakula, akuti tikukumba nyika, mizu ya kakombo ija, kudambo ngati chaka cha chilala.

Agwira nthiti za mwana wawo, alira. Avundukula poto, aliranso. "Mwandimalizira mwana ndi chakudya cha mbalame!" Mthiko andilanda.

Ndawakokera bambo kuseri kwa nyumba kuti awauze amayi awo okha, ena onse ayi. Akuyang'ana pansi. "Anataya kale mwana mmodzi ndi matenda omwewa. Ndiyambire pati?"

Ndimafuna kukwiya koma mkwiyo wake sukubwera.

Masana adya mitanda inayi yoyera, apongozi ali pambali kuwonjezera msuzi. Ndimawerenga.

Loweruka

Ndangopita kukachapa. Kukachapa kokha!

Pobwera, nkhuku zonse za mudzi uno zili pabwalo panga, za mayi a Jonasi zili patsogolo. Mchewere wosagaya uja apongozi awaza. "Eni ake adye."

Nanga ufa wake? Uli mundowa, aphikira thobwa. Chimera apempha kwa oyandikana nawo, shuga ndi uja wa amayi akumpingo, paketi yonse. Akuti mwana wawo abwerere thupi.

Zomwe ndapindula sabata ino:
- nkhuku zathanzi
- mbiri yoti ndine mkazi wosatha kusamala mwamuna
- zidzolo m'mikono

Bambo alawa kapu imodzi kuti amayi awo asakhumudwe. Yachiwiri sindikudziwa kuti amasangalatsa ndani.

Lamulungu

Kutchalitchi. Atchula nyimbo. Bambo atsegula buku, aliyandikitsa kumaso, alitalikitsa, aliyandikitsanso. Kenako akuimba mokweza monga mwa masiku onse, mawu osaphonya ngakhale amodzi. Ndasuzumira. Buku lili pa nyimbo ina.

Aona kuti ndaona.

Pobwerera apongozi ali kutsogolo ndi amayi ena, akuthokoza aliyense potisunga. Ife kumbuyo, pang'onopang'ono.

"Mayi a Eneti, mchewere uja watsalako?"

Ngakhale kambewu kamodzi. Kunyumba kuli ufa woyera wotifikitsa mwezi wamawa, thobwa ndowa yodzaza, ndi mudzi wonse wotikonda. Ndawauza kuti mawa ndikwera kabaza kukapempha wina kwa akulu anga.

"Koma asamve munthu."

Ndavomera. Ndikanatani? Ndikhalabe mkazi wouma manja wodyetsa mwamuna chakudya cha mbalame, bola adye.

Tafika pakamlatho kamitengo kaja amadutsa tsiku ndi tsiku atasenza ukonde. Aima. Akuyang'ana pansi nthawi yaitali. Kenako andigwira paphewa, anthu akuona, koyamba chikwatirane.

Tawoloka.