Mwala wa a Rübsam

Aliyense amene anawoloka mlatho wa ku Wendelstedt a Gottwald Rübsam ali moyo akudziwa kuti pamenepo sipankadutsa munthu chipewa chili kumutu. Polowera pamlathopo panali mwala wa malire wogobedwa tsekwe wovala chisoti chachifumu, chizindikiro cha banja la akalonga athu. Ukalongawo unatha a Rübsam akali kuyamwa, koma zikuoneka kuti palibe anawauza mwaulemu wokwanira.

Dzikolo silinali lalikulu. Ng'ombe ikagona pakati pake, mchira unkakhala uli kunja. Asilikali onse ankakwana m'ngolo imodzi, theka lawo oimba malipenga. Komabe a Rübsam, atapuma ntchito kupositi, anadzilemba okha ulonda wa malirewo.

Tsiku lina kunabwera mkulu wa misonkho wochokera kulikulu, dazi lili ng'ani ng'ani.

"Chipewa, bwana," anatero a Rübsam.

"Ndilibe chipewa, bambo."

"Si vuto." Anatulutsa china m'chikwama n'kumuveka. "Tsopano vulani."

Anavula. Tinaona ndi maso athu boma likuvulira tsekwe chipewa chobwereka. Ngakhale galimoto ya maliro a Rübsam anaiimitsapo, n'kufunsa ngati malemu avala kanthu kumutu. Wamasiyeyo anasuzumira pawindo.

"A Rübsam, munthuyu wakuvulirani chipewa moyo wake wonse. Lero msiyeni apume."

Kenako khonsolo inaganiza zokuza msewu, ndipo mwala unali panjira. Meya wathu, mayi Hiltrud Sauerbier, anapita okha kukawanyengerera.

"Magalimoto akulephera kudutsana, a Rübsam."

"Azikadutsana kudziko lawo, mayi. Mwalawu anaika ndi kalonga, adzachotsa ndi kalonga."

Khonsolo inasankha komiti. Komiti inafufuza kwa nyengo yonse yachisanu n'kupeza, mwa manyazi ake omwe, kuti mwalawo unalidi wa banja lija: boma polanda nyumba yachifumu, nkhalango ndi masupuni, linaiwala mwala. Pankafunika mawu a mwini wake. Anamupeza mumzinda wa Hamburg, mdzukulu wa kalonga womaliza, dzina lake Leberecht. Ankazula anthu mano.

Tsiku lobwera, a Rübsam anavala jekete la bambo awo la mabatani amkuwa, tauni yonse ili pamlatho. Tinkayembekeza galimoto yakuda. Kunabwera mnyamata wa kabudula, pa njinga yakapalasa, chipewa chapulasitiki kumutu, akudya soseji.

"Iwe, chipewa. Ndipo pambuka, tikudikira akuluakulu."

"Ndi iwowa, a Rübsam," ananong'ona meya.

Ngakhale oimba malipenga anatsitsa malipenga awo. A Rübsam anayang'ana mawondo a banja lachifumu, n'kuyang'ana tsekwe, n'kubwereranso ku mawondo.

"Mwala wake ndi umenewu?" anafunsa mnyamatayo uku akutafuna. "Aa, chotsani. Koma madala, dzino lanu lakutsogololo likufunika kulionetsa."

Mayi wina anagwira pakamwa. Tonse tinkadikira kuti amukwapula ndi ndodo. Koma a Rübsam anavula chipewa pang'onopang'ono n'kuwerama mpaka msana unalira.

"Tamva, ambuye. Tiuike kuti?"

"Paliponse mungakonde inuyo."

Mlembi wa khonsolo, pokhala munthu wakhama, analemba mawuwo momwe analili, ndipo anadindidwa tsiku lomwelo. Ndiye kuti mwala unayenera kuchoka, koma wosankha kopita anali a Rübsam. Meya anazindikira zimenezi ali m'njira yobwerera, n'kukhala pansi pa benchi ya eni ake.

"Mwasankha malo, a Rübsam?" ankafunsa chilimwe chilichonse.

"Ndikuganizabe, mayi. Za boma sitithamangira. Ndinaphunzira kwa inu."

Mameya anasintha kawiri, magalimoto akudikirirana pamlatho, oyendetsa ake zipewa zili pamiyendo. Kalonga sanabwerenso, ndipo a Rübsam sanamunenepo choipa. Munthu akamutchula, ankangoti, "Anali wotopa ndi ulendo."

Anasankha malo kutatsala sabata kuti atisiye. Anaitanitsa meya watsopano kuchipatala, n'kumuvulitsa chipewa pakhomo.

"Kumanda, mwana wanga. Kumutu kwanga. Tsekwe ayang'ane kutauni."

Khonsolo inagwirizana nazo popanda wotsutsa, chinthu chimene sichinachitikepo chiyambire.

Msewu anaukuza. Magalimoto tsopano amadutsa pamlatho ngati akuthawa moto, ndipo palibe amadziwa kuti walowa kwinakwake. Ine ndemwe dzanja limapitabe kumutu ndikafika pamenepo, n'kubwerera lokha litasowa wolilamula. Dziko la akalonga athu latsala lalitali ngati munthu mmodzi wogona, kuseri kwa tchalitchi. Mlonda wake sachoka pantchito, ndipo sindinaonepo munthu akufika pamalirewo chipewa chili kumutu.