Denga Likalankhula

Lolemba

Makwerero onse achotsedwa m'shedi. Onse! Kampani yathu yogulitsa zitsulo za m'migodi yabweretsa makina atsopano, anzanga akuwatcha pika. Si fokolifiti ija yomwe munthu umakhala pampando katundu yekha n'kumakwera, ayi. Iyi imakunyamula iwe mwini, utaima pakansanja kachitsulo, mpaka shelefu yachisanu ndi chimodzi, pafupi ndi malata, kuti ukatole mabauti ndi manja ako.

Akapitawo anena poyera: mayeso ndi Lachisanu, wopanda satifiketi ya pika Lolemba likubwerali asavutike kubwera. "Mudhara kana mukomana, zvakafanana." Ndiko kuti nkhalamba kapena mnyamata, n'chimodzimodzi. Akunena akuyang'ana ine. Mudharayo ndine, m'shedi monse mulibenso wa imvi.

Ndilembe muno chifukwa kope siliseka: ndimaopa m'mwamba. Ine! Zaka makumi awiri ndi ziwiri pansi pa nthaka ku Lalapanzi, kukwawa chamimba mumgodi kutsatira mwala wa kromu, mtima osagunda. Koma ndikaima pamwamba pa tebulo thukuta kamukamu. Bambo anga anachoka ku Dedza wapansi kudzalowa pansi m'dziko la eni lino. Banja lathu limatsika, silikwera. Zaka zitatu m'shedi muno ndakhala ndikuzemba bwinobwino, ine za m'munsi, anzanga za pamakwerero, palibe anazindikira.

Ndikalephera, kotsala ndi ku Mvuma, kudzenje la golide la alamu anga a Phiri: chingwe, ndowa, denga lopanda mzati ndi umodzi womwe. Pamsinkhu wangawu palibenso wina angandilembe. Ndipo ndinalumbira kwa amake Tadala tsiku lomwe tinaika Jailosi, mnzanga amene mwala unamupsinja ine ndili pomwepo, kuti pansi sindidzalowanso.

Ndiye pulani nayi:
Lero, mpando.
Lachiwiri, mgolo wa madzi.
Lachitatu, mtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba.
Lachinayi, denga la nyumba.
Lachisanu, satifiketi.

Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Mpando ndakwera. Mphindi khumi, osagwira khoma! Amake Tadala akufunsa ngati babu lapsa. Ndati ndikungoliona thanzi lake.

Lachiwiri

Maphunziro ayamba. Ophunzitsa ndi Mai Sibanda, mayi wamfupi wochokera ku Bulawayo, saseka, sakalipa, amangolemba. Munthu wongolemba ndi woopsa.

Malamulo awo, monga ndawakopera:
Usanakwere, zungulira makina. Matayala, matcheni, mafoloko, batire, mafuta ngati akudontha.
Yesa hutala, buleki ndi batani lofiira loimitsa zonse.
Vala lamba wachitetezo, ukole chingwe chake pamphete ya pamakina, osati pa shelefu.
Tseka tizitseko ta m'mbali.
Phazi pachopondera. Ukalichotsa, makina aima.
Katundu asapitirire muyeso wolembedwa pachitsulo.
Pothera msewu wa mashelefu tsika, liza hutala, yang'ana uku ndi uku.
Chilichonse chichitike uli m'mwamba, usatuluke. Ima pomwepo, apansi akutsitsa.

Onsewo ndi anzeru, ndawavomera. Koma lomalizali ndakangana nalo mumtima tsiku lonse. Kumgodi lamulo n'lina: denga likalankhula, thawa. Likangoti tha! usayang'ane, usatole fosholo, usaitane mnzako kawiri. Akapitawo akale ankakuwa kuti "Basopa!", ndiko kuti chenjerani, koma wanzeru amakhala atafika kale patali. Jailosi anakweza mutu kuti aone. Ine sindinakweze. Kusiyana kwa ine ndi iye n'komweko basi, iye anali wabwino kuposa ine pa zina zonse.

Tsono denga la shedi yathu n'lamalata, dzuwa likafika paliwombo limalankhula: tha! tha! Zaka zitatu ndimangodzidzimuka n'kunamizira kutola kanthu pansi. Lero latero tili m'kalasi. Pozindikira ndili pakhomo, kope m'manja, anthu khumi akundiyang'ana.

Mai Sibanda: "Baba, chimbuzi chiri uko."

Ndapitadi kuchimbudziko. Ndikanatani?

Mgolo: chivundikiro chake chadzimbiri, ndani amadziwa? Ndalowa mpaka m'chiuno, ndi nsapato zomwe. Madzi omwe amake Tadala aimira pamzere kumjigo m'mawa wonse, poti mpopi wathu kuno ku Mtapa unasiya kalekale kudziwa ntchito yake. Sakundilankhula. Ndikuwamvetsa.

Lachitatu

Lero ndakwera pika koyamba. Lamba uja amapana malo omwe sindingalembe ngakhale m'kope. Mai Sibanda amukoka, amukokanso, mpaka mawu anga akwera ngati a mkwaya ya amayi.

Shelefu yoyamba, bwino. Yachiwiri, zavuta. Ndagwira chitsulo ndi manja onse awiri, ndaima ngati chithunzi. Pansi simenti ikundiitana dzina.

Mai Sibanda, ali pansi: "Manja onse mwagwirira, baba. Bautiyo mutola ndi mano?"

Alemba.

Poweruka, mtengo wa mapeyala monga mwa pulani. Ndaganiza zochita mwalamulo: wokwera m'mwamba amange lamba. Lamba kunyumba ndilibe, ndiye ndamasula chingwe choyanikira zovala. Ndakwera nthambi yachiwiri, maso otsinzina theka, ndayamba kumanga chingwe kunthambi ya pamwamba pake.

Mai Moyo a nyumba yoyandikana asuzumira pampanda. Aona nkhalamba mumtengo, chingwe m'manja, nkhope yamaliro.

"Maiwe-e! Sekuru vava kuzvisungirira!"

Kalanga ine! Akuti ndikudzimangirira! Mphindi zisanu sizinathe, msewu wonse uli pabwalo panga. Ogulitsa tomato, okonza nsapato, amayi a chigwirizano, mkulu wa mpingo ndi Baibulo kukhwapa. Onse akuti tsikani, tsikani, moyo ndi wokoma. Ine kutsika ndikufuna kuposa onsewo, koma ndayang'ana pansi, miyendo yafa. Iwo akuyesa ndikukana. Ayamba nyimbo. Ndime zonse zinayi, ine ndili kukumbatira nthambi ngati mwana pamsana.

Pomaliza abwereka makwerero, anditsitsa amuna atatu.

Mkulu wa mpingo: "Tiuzeni chakuvutani, abambo, mutu umodzi susenza denga."

Denganso! Ndikanati chiyani? Kuti mwamuna wa kumgodi akuopa nthambi yachiwiri? Ndaona kuti bola andiyese wofuna kufa kusiyana n'kundidziwa kuti ndine wamantha. Andipempherera mosinthanasinthana.

Anthu atabalalika ndawauza amake Tadala zoona zonse: pika, mayeso, Mvuma. Sanaseke. Zikanakhala bwino akanaseka. Angotola chingwe chawo n'kukachimanganso pamalo pake.

Lachinayi

Denga la nyumba lalephereka. Amayi a chigwirizano agawana maola ondilondera, ndipo atenga:
chingwe cha zovala chija,
lamba wa buluku,
zingwe za nsapato zanga za kutchalitchi,
ndi waya wa wailesi, ngati kuti munthu angafere waya wa wailesi.

Kuntchito ndapita buluku nditaligwira ndi dzanja.

Koma tamverani izi! Shelefu yachinayi! Ine!

Ndatulukira chinsinsi. Msewu wa pakati pa mashelefu ndi wopapatiza, wamdima pang'ono, zitsulo uku zitsulo uku. Ukapanda kuyang'ana pansi n'kumangoona chili patsogolo pa mphuno, n'chimodzimodzi chikepe chija chotikweza ndi kutitsitsa kumgodi. Ndadziuza kuti tikutuluka shifiti, basi mantha achoka. Ndatola mabauti, ndatola mabering'i, ndaika papaleti, thabwa la katundu, zolemera pansi zopepuka pamwamba. Ndatsika, hutala pii, kuyang'ana uku ndi uku. Kanayi konse, osaphonya.

Mai Sibanda alemba, kenaka akweza mutu: "Mushe."

Ndiko kuti zili bwino. Mawu amodzi okhawo, koma ndayenda nawo ngati mendulo.

Denga lalankhula masana, mwamwayi ndinali pansi ndikudya. Ndangotaya tiyi. Ndiye ndapita kukaona ndandanda wa mayeso: dzina langa ndi loyamba, eyiti koloko m'mawa. Nthawi imeneyo malata amakhala asanatenthe, salankhula. Mulungu alipo! Ndikwera, nditola, nditsika, denga lisanadzuke.

Alamu a Phiri aimba foni. Nkhani ya mtengo yafika kale ku Mvuma, nkhani zoipa sizidikira kombi.

"Musadandaule alamu, malo alipo kuno. Wina wangochoka kumene."

Sindinafunse kuti wachoka bwanji.

Lachisanu

Magetsi anazima dzulo, batire la pika silinadzaze. Eyiti koloko, palibe mayeso. Naini, teni, tikungoyang'anana. Ndikuona dzuwa likukwawa pakhoma. Ndikupemphera mitambo, kumwamba kuli mbee.

Wani koloko, Mai Sibanda: "Baba, tiyeni."

Ndilembe zonse monga zachitikira, kuti tsiku lina wina adzadziwe kuti ndinkaidziwa ntchito.

Ndazungulira makina. Matayala, matcheni, mafoloko, batire. Hutala, buleki, batani lofiira. Lamba ndavala, ndakola pamphete, ndakoka kawiri. Tizitseko ndatseka. Msewu watsekedwa ndi zotchinga kuti pansi pasadutse munthu. Phazi pachopondera. Yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Chikepe, chikepe, tikutuluka shifiti. Yachinayi. Yachisanu. Yachisanu ndi chimodzi, komwe sindinafikeko chibadwire! Malata ali apa, kutentha kwake kukundiwotcha pachisoti. Ndatambasula dzanja, katoni ya mabauti ndaigwira.

THA!

Pamutu penipeni.

Sindinaganize. Ndikulumbira, sindinaganize kanthu. Miyendo siinandifunse. Yadumpha kachitseko n'kuthawa monga inaphunzirira, koma kothawirako kunalibe, kunali mphepo yokha.

Lamba wandigwira. Mayo ine, kugwira kwake! Mpweya wonse watuluka. Ndili lendelende pambali pa makina, kuzungulira pang'onopang'ono ngati mbuzi ya pabutchala. Mabauti akugwa pasimenti ngati matalala. Makina aima okha poti phazi lachoka pachopondera. Zonse zagwira ntchito monga mwa buku, kupatula ine.

Mai Sibanda sanakuwe. Atsegula kumbuyo kwa makina n'kutsitsa nsanja ndi dzanja, pang'onopang'ono, amuna awiri akundilandira miyendo. Andikhazika pansi, andimasula, andifunsa dzina langa ndi tsiku la lero. Shedi yonse zii. Ngakhale denga latseka pakamwa, ntchito yake latha.

Kenaka ayang'ana lamba uja, mphete, chingwe, kwa nthawi yaitali.

"Mwa onse omwe ndaphunzitsa sabata ino, inu ndi amene mwamanga bwino, baba. N'chifukwa chake tikulankhula. Koma kusaina sindingasaine."

Sindinatsutse. Nanenso sindikanasaina.

Loweruka

Thupi lonse likuwawa. M'ntchafu muli mizere yakuda ya lamba, kukhala pampando ndi nkhondo. Kuchipatala akuti palibe chathyoka. Sanayang'ane bwino.

Loweruka timagwira theka la tsiku, ndiye ndapita kukapempha. Kusesa, kukulunga mapaleti, kulondera pageti, chilichonse chokhala pansi. Akapitawo akuyang'ana foni yawo. Akuti wosesa alipo, wokulunga alipo, ndipo onsewo ali ndi satifiketi.

Anzanga andipatsa dzina: Sekuru Ndege, agogo ouluka. Akulinena monong'ona, ndipo wina wandigulira kokakola. Sindikudziwa ngati ndikwiye kapena ndithokoze. Ndamwa.

Mai Sibanda ndawapeza akulongedza mapepala awo. Akuti abweranso pakapita miyezi itatu, akhoza kuuza abwana kuti andisungire malo ndidzayesenso. Kenaka andiyang'ana m'maso.

"Funso limodzi, baba, mundiyankhe zoona. Likadzalankhulanso muli m'mwamba, mudzaima?"

Bodza linali kale pamlomo, lakupsa, longofuna kulavula. Liwu limodzi, inde, miyezi itatu yopuma nayo. Koma ndakumbukira mabauti aja akugwa, ndaganiza tsiku lomwe wina adzaiwale kutseka msewu, pansi padzakhale mwana wa munthu akukankha tirole ya katundu.

Ndati sindikudziwa.

Agwedeza mutu, atseka chikwama, andipatsa dzanja. Lero sanalembe kanthu.

Ndabweza chisoti, jekete yonyezimira ndi kiyi wa kabati. Pageti mlonda wandisecha monga mwa masiku onse, ngati kuti munthu angabe bauti atawamwaza shedi yonse.

Lamulungu

Kutchalitchi ulaliki wonse ndi wanga. Moyo ndi mphatso, osataya mtima, ndi zina zotero. Aliyense akucheuka kundimwetulira. Potuluka amayi a chigwirizano andibwezera lamba wa buluku ndi zingwe za nsapato m'kapepala, akuti aona kuti nkhope yanga yamasuka, ngozi yapita.

Yapita eti.

Alamu a Phiri aimbanso. Kombi ya ku Mvuma inyamuka mawa sikisi m'mawa, andidikira pamsewu. Akuti dzenjelo ndi labwino, limangogumuka nthawi ya mvula. Mvula ikubwera mwezi wamawa.

Zonyamula:
jombo zakale, zili pansi pa bedi,
tochi ya pamutu,
bulangeti,
mankhwala a chifuwa,
ovolosi ya ku Lalapanzi, ngati ingandikwane.

Chondichititsa manyazi ndi ichi: sindikuopa. Sabata yonse ndanjenjemera ndi mpando, mgolo, mtengo, makina okhala ndi buleki ndi lamba ndi mayi wolemba malamulo. Lero ndikuganiza za dzenje lopanda mzati, mtima uli phee ngati wopita kwawo. Ndine chitsiru cha mtundu wanji ine?

Amake Tadala atulutsa ovolosi ija okha, sindinawatume. Akhala pakhonde ndi singano, akudula buluku langa lakale la jinzi kuti asokere zigamba m'maondo, poti pansi munthu amayenda chokwawa. Kuyambira masana ndikungozungulira pafupi nawo, kudikira kuti andikumbutse zomwe ndinalumbira, akalipe, aphwanye mbale, atseke chitseko anene kuti simupita. Ndikanakangana nawo pang'ono, kenaka ndikanagonja.

Sanatero. Angofunsa, maso ali pasingano, ngati chigamba chikhale cha nsalu ziwiri kapena zitatu.

Ndati zitatu.