Fomu Yanga ndi Benchi la Pakhonde

Lolemba

Sabata ino ndikuchoka pa thebulo la mpunga. Zaka ziwiri ndili ndi digiri ya saikoloje, ntchito yanga kuyezera anthu mpunga wa amayi mumsika wa pa Boma. Zakwana!

Fomu ya masitazi, digiri yachiwiri ya ukatswiri wothandiza odwala maganizo m'chipatala, itsekedwa Lachisanu faifi koloko pa intaneti. Ndikaphonya, chaka china chathunthu ndi mbale yoyezera m'manja.

Zofunika:
makope a digiri odindidwa
kalata ya umboni ya Sisita Nyamsukwa, namwino amene ndinkadzipereka pansi pawo kuchipatala, pano anapuma pantchito ali ku Mlare
tsamba limodzi loyankha funso: fotokozani nthawi imene munamvetsera munthu wovutika mumtima

Zophweka. Lachitatu ndikhala nditamaliza.

Kavuto kamodzi: dzulo amayi alengeza kutchalitchi kuti mwana wawo ndi dokotala wa maganizo. Osati adzakhala. Ndi.

Lachiwiri

Seveni koloko, ndangotsegula laputopu. "Odi!"

A Mwalwanda, aphunzitsi opuma a nyumba yachitatu. Moni wa ine, moni wa amayi, moni wa achimwene ali ku Mzuzu, moni wa nkhuku. Kenako za kutentha. Za msewu. Za ana a masiku ano. Maola atatu pa benchi la pakhonde!

Akutsanzika. Amayi akundiyang'ana ndi diso lija: perekeza mlendo. Tafika pamsewu wa M1, ndikuti nditembenuke, iwo akuima. "Mwananga, chimwalirireni akazi anga aja, tulo sindikuliona." Nkhani yeniyeni, pamsewu, malole akutithira fumbi. Nanga maola atatu aja anali a chiyani?

Atamaliza akuti sangandisiye ndibwerere ndekha. Andiperekezanso mpaka pakhomo.

Zomwe ndalemba lero: dzina langa.

Lachitatu

Pa benchi pali anthu anayi. Mayi amene amuna awo amapita ku Kyela kukaoda zitenje n'kubwerako ndi foni yachiwiri. Mkulu wa kwaya amene akwaya samumvera. Awiri ena sindikudziwa, mwina angoona mzere.

Ndikuti, amayi, ine si dokotala, sindinayambe n'komwe sukulu yake. Iwo: "Nanga udzaphunzirira pa ndani? Pa mbuzi?"

Ndathawa cha m'ma leveni kukadinditsa makope. Bambo wa chidindo akuwerenga digiri, akundiyang'ana, akutseka chitseko. "Achemwali, pokhala mwabwera nokha..." Mwana wawo wasiya sukulu. Chidindo chili m'mwamba, sichikutsika. Ola lathunthu ndikuyang'ana chidindo ngati mphaka woyang'ana usipa.

Chatsika. Chozondoka, koma chatsika.

Tsamba lija: ziganizo ziwiri. Chimodzi ndafufuta.

Lachinayi

Minibasi ya ku Mlare. Tadikira kuti idzaze, yadzaza, tadikiranso kuti idzazitsitse. Ndayika mahedifoni kuti pasapezeke wondiuza mavuto ake.

Sisita kalata alemba kale, Mulungu awadalitse. Akundipatsa uku akuseka. "Ndalemba kuti ndiwe wanzeru, wolimbikira, wofika msanga pantchito. Za kudekha sindinalembe. Ndine munthu wa mpingo, sindinama."

Akuti kuchipatala kuja wodwala akayamba chiganizo ndinkamumalizira ine. Zoona? Chabwino, ena amachedwa nacho.

Zinthu ziwiri zatheka. Latsala tsamba limodzi. Mawa.

Lachisanu

Ndadzitsekera kuchipinda. Ndawauza amayi: aliyense akabwera, ndachokapo. Ndikuwamva pakhonde: "Alipo, koma akuti achokapo."

Thwelofu koloko, theka la tsamba. Wani koloko, likuoneka ngati la munthu wophunzira.

Thu koloko, kabaza waima panja. Mawu amene sindingawabisalire: ankhazi, alongo awo a malemu bambo, kuchokera ku Hara, ndi kathumba ka mpunga watsopano. Ankhazi sauzidwa kuti wachokapo.

Za madzi a mu sikimu ya mpunga. Za mbalame zodya mpunga. Za ukwati wanga umene kulibe. Ine maso pa foni pansi pa chitenje. Fili koloko. Folo koloko. Twente pasiti folo akunyamuka. Mphindi makumi anayi zikwana bwino. Ndiwafikitsa pa mtengo wa mango basi, osapitirira!

Pa mtengo wa mango akuima. Akuyang'ana pansi.

"Msuweni wako Wanangwa. Chikokolokereni mpunga wake, satuluka m'nyumba. Sadya. Dzana wandiuza kuti watopa ndi moyo. Sindinauzeko munthu."

Ndatsegula pakamwa kuti ndiwamalizire chiganizo. Ndatsekanso. Tayenda. Tadutsa msika, tadutsa depoti, tabwereranso ku depoti. Foni ili m'thumba, sindinayikhudze.

Ndafika pakhomo twente tu sikisi. Pa laputopu, zilembo zofiira: nthawi yatha.

Loweruka

Ndalemba imelo yopepesa, yogwada ndithu. Yankho labwera nthawi yomweyo, la makina: tionane chaka chamawa.

Ndakwera minibasi ya ku Hara. Wanangwa ali pamphasa, nkhope kukhoma. Moni, osayankha. Ndakhala pansi. Zonse zimene ndinawerenga zaka zinayi zikukankhana pakhosi, ndazimeza. Ola. Maola awiri. Mwendo wachita dzanzi.

Kenako iye: "Ukadali pompo?"

Ndikadali pompo.

Wayankhula pang'ono, modukizadukiza. Sindinamumalizire ngakhale chiganizo chimodzi. Wavomera kuti Lolemba tipitire limodzi kuchipatala. Pochoka wandiperekeza mpaka pakhomo pokha. Ankhazi akuti n'koyamba mwezi uno kuona dzuwa.

Lamulungu

Ndatopa mpaka m'zikhadabo.

Zomwe ndili nazo:
makope a chidindo chozondoka
kalata yopanda mawu akuti kudekha
yankho latsopano la funso lija, masamba anayi, lopanda kolitumiza

Zomwe ndilibe: malo kusukulu.

Kutchalitchi amayi aimanso. Akuti dokotala waganiza zokhala nafe chaka china chifukwa cha chikondi. Anthu aomba m'manja. Ine mutu pansi.

Mawa chipatala ndi Wanangwa. Mkuja mbale yoyezera mpunga.

Ndimati ndigoneko masana ano. A Mwalwanda ali pa benchi kale, abwera ndi anzawo awiri.

Ndatereka madzi a tiyi. Ndavaliratu nsapato zoperekezera.